Nsangalabwi pa thanthwe la apongozi

Ana inu, pa tchuthi chathachi munandiunjirira pakhonde n'kundionetsa pa foni mzungu wina akuswa miyala kuti apange mivi. Anavala magalasi kumaso, zikopa m'manja, chikopa china pantchafu, ngati akukafula njuchi zolusa dziko lonse. Nditanena kuti ntchito imeneyo ndinaigwirapo ine ndi manja osavala kanthu, munaseka mpaka Tamanda anatsamwa ndi nzimbe. Ndiye ndagula kope, ndalemba, chifukwa pakamwa simundimvera: nkhani ikafika pakati foni imalira, mumabalalika ngati nkhanga. Muwerenge mosinthana, osalimbirana. Zonse zili m'menemu n'zoona. Mboni zanga zambiri zinamwalira, koma umenewo si mlandu wanga.

Nkhani yake ndi ya chaka chimene ndinatsala pang'ono kupirikitsidwa pamudzi pano pa Liwaladzi. Ndikanapita, bwenzi inu kulibe. Kapena bwenzi mulipo, koma ndi mphuno za munthu wina.

Ine si wa kunyanja kuno, ngakhale tsopano mutu wa kampango ndimaupsopsona kuposa eni ake. Ndinabadwira kumtunda, kupitirira Nkhunga, kumene njira imakwera osapumira. Kwathu tinkadya ya chimanga. Nsomba inkatipeza itauma kale, itapindika, yatopa ndi ulendo. Mpaka ndevu kumera ndinkakhulupirira kuti usipa umabadwa wouma.

Chitsulo masiku amenewo chinali chosowa. Inu lero mumataya zitini, misomali mumaponda panjira osawerama. Ife khasu tinkalima nalo mpaka litsale ngati supuni, likatero lisanduke kampeni, kampeniko kadzathere ku singano yosokera mphasa. Wosula zitsulo ankafuna nkhuku kuti akusulire mivi, ndipo kwa amalume anga a Gwaza nkhuku sizinkagonera kawiri pakhomo. Anali munthu wokonda ndiwo. Tsiku lina atabisala mvula kuphanga, anatola pansi timiyala toyera tosongoka, tosemedwa bwinobwino. Akuluakulu anawauza kuti n'ta Akafula, anthu aafupi aja amene anali kuno makolo athu asanafike. Amalume anati, "Ngati munthu wondilekeza m'chiuno ankadya nyama ndi mwala, ine wamtali chonchi ndigone ndi nkhwani chifukwa chiyani?" Anadziphunzitsa okha, nadzandiphunzitsa ine.

Mwala wake ndi nsangalabwi, yoyera ija ya mumtsinje. Koma si iliyonse. Umapita madzi osefukira akaphwa, pamene mtsinje wafukula zatsopano. Ukaitola umaiyang'anitsa padzuwa. Ikakhala ndi mitsempha m'kati, taya, imeneyo ikaswedwa imayoyoka ngati shuga. Yabwino imaoneka ngati madzi anagona n'kuiwala kudzuka. Kenako umagundanitsa ziwiri pafupi ndi khutu. Yabwino imati ngwe. Yoipa imati phu, ngati lonjezo la munthu woledzera.

Ukaipeza umaiimika pamwala wina waphanthiphanthi, n'kuimenya pamutu ndi mwala wakuda wolimba. Kamodzi kokha, mosanyengerera. Nsangalabwi siuzidwa zochita. Iwe ufuna isweke cha uku, iyo isweka cha uko, kachidutswa kena kakulumphire m'mphuno. Umaswa mulu wonse kuti upeze chibenthu chimodzi chopyapyala, chooneka ngati tsamba. Chimenecho umachigwira m'dzanja, n'kumakanikiza m'mphepete mwake ndi nsonga ya nyanga ya gwape, tizibenthu tizithothoka ngati mamba a nsomba, mbali iyi, mbali iyo, mpaka chisongoke. Sichikula, chimangofanana ndi chikhadabo cha chala chachikulu. Ukatero umang'amba bango kunsonga, kulowetsa mwalawo, kumata ndi phula losakaniza ndi makala osinja, n'kukulunga ndi mtsempha wa mbuzi wonyowa. Mtsemphawo ukauma umagwira kuposa ukwati wa kutchalitchi. Kumbuyo nthenga za nkhanga. Basi, muvi watha.

Kuthwa kwake musakufunse. Amalume anameta nacho ndevu kamodzi, ndevuzo zinachita mantha, sizinamerenso mpaka mvula inagwa. Ine zala zangazi zinadulidwa mpaka mizere yake inafufutika. Pa kalembera wa ziphaso uja makina anakana chala changa katatu, mtsikana wa makinawo n'kundifunsa ngati chalacho ndachita kubwereka. Agogo anu aakazi analipo, mukawafunse. Akakana, ndiye kuti aiwala.

Amalume anali ndi lamulo limodzi lokha. Poswa miyala uziyala chikopa pansi, ukatha ukakhuthule zibenthu zonse m'dzenje la chulu. Anthu tinkayenda opanda nsapato, ndipo kachibenthu kamodzi kamatha kugoneka mlimi pamphasa dzinja lonse. Lamulo limeneli ndinalisunga zaka zonse ndili kwathu. Ndinaliphwanya kamodzi kokha, ndipo kamodziko ndi kamene kandilembetsa kope lino.

Kunyanja ndinatsikira kudzasinthanitsa nyama yofutsa ndi nsomba. Pakhomo pamene ndinafikira anandipatsa chambo chachiwisi, ndinadya bwinobwino, mutu n'kuusiya m'mbale. Mtsikana amene anadzatenga mbale anayang'ana mutuwo, anayang'ana ine, n'kuthawira kuseri kwa nyumba kukaseka. Anaseka mpaka mbuzi zinadula zingwe. Ndinati mumtima, munthu wondiseka chonchi ndisamusiye patali, angakandinenere kwa anthu. Ndiwo agogo anu a Nabanda amenewo.

Inu lero mumafunsirana pa foni, mawa mwachita lendi ku Dwangwa, makolo akumva mwana atabadwa. Kale mwamuna unkanyamula kamphasa kako kupita kwao kwa mkazi, chikamwini. Ukafika kumeneko mudzi wonse umakuyang'ana ngati mbuzi yogulidwa kumene: kodi idya chiyani, nanga ipindula chiyani. Kuno mwamuna ankayesedwa ndi nkhafi. Ndiye mlamu wanga Layisoni, mlongo wawo wa agogo anu, ananditenga m'bwato m'mawa wina kukaponya khoka. Nyanja inali bata, iwo akutero. Ine ndinasanza zimene ndinadya m'mawa umenewo, za dzulo lake, za dzana, mpaka thobwa limene ndinamwa pa chinamwali cha mlongo wanga.

"Alamu," anatero Layisoni, "tiyeni tibwerere. Nsomba mwazikhutitsa, sizilowanso mu khoka."

"Ndikuzinyengerera kuti zizolowere bwato lathu," ndinatero nditagwira m'mphepete ndi manja awiri.

"Zazolowera kale. Taonani zikutilondola ngati agalu."

Chaka chimenecho utaka unanenepa kuyambira pano mpaka ku Chia, koma wondithokoza panalibe. Anandiyesa kachiwiri, kachitatu. Ulendo wachinayi ndinasanza bwato likadali pamchenga.

Tsopano ndikuuzeni za apongozi anga a Naphiri, amayi awo a agogo anu. Anali amasiye, pakhomo ankalamula okha. Inu mumakhala pa sofa imodzi ndi apongozi kuonera mpira, mpaka kulimbirana kachosinthira kaja. Ife apongozi tinkawathawa. Osawayang'ana kumaso, osawayankhula, osadutsa pamene akhala. Mukakumana panjira, iwe mkamwini umalumphira kutchire, kaya kuli minga kaya kuli chiyani. Ine ndinalumphirapo m'chitedze kawiri, ndinadzikanda mpaka ndinapepuka thupi. Miyezi yonse ija nkhope ya a Naphiri sindinaidziwe. Ndinkawadziwira zidendene, ndi kuyetsemula, pakuti ankakoka fodya wa mphuno. Mawu awo onse ankandipeza kudzera mwa mwana wawo.

Tsiku lina masana a Nabanda anabwera, anagwada, n'kumakanda pansi ndi kamtengo.

"Amayi akuti ndikuuzeni."

"Ndikumva."

"Akuti mkamwini wosapalasa bwato ali ngati mtondo wobooka. Kukhala pakhomo akhala, koma wosinjiramo palibe."

"Anena okha choncho, kapena wawonjezera mchere?"

"Mchere ndachotsako. Akuti munda wa chinangwa wa kumtunda uja anyani akuumaliza. Akuti mwezi ukakhala pakati aitana amalume a ku Chia, ankhoswe. Akapeza munda watha, inu mutenge mphasa yanu, njira mukuidziwa."

"Nanga iwe ukuti bwanji?"

"Ine ndikuti anyaniwo muwathamangitse. Kufunsiridwanso kachiwiri ndi ntchito, ndilibe nthawi."

Apa ndiye panagona nkhani. Chinangwa chikapulumuka, ndikhala. Chikatha, ndibwerera kumtunda wopanda mkazi, amalume akandiseke mpaka kumanda.

Ndinapita kukawaona anyaniwo. Ana inu, anyani a kumeneko anali ophunzira. Akaona nsalu ya munthu wamkazi sankasuntha n'komwe, ankangopatuka pang'ono kuti adutse. Chinangwa ankazula, kulawa, chowawa n'kubwezera pamalo pake. Mkulu wawo, chimphongo cha imvi m'mapewa, ankakhala pachulu miyendo ataipingasa. Nditafika anandiyang'ana kuchokera kumapazi mpaka kumutu, ngati ndabwera kudzafunsira mwana wake. Ndinamugenda. Anatola mwalawo, anaununkhiza, n'kuuika pambali kuti mwina udzagwira ntchito tsiku lina.

Uta ndinali nawo, ndinabwera nawo kuchokera kwathu, koma mivi ndinalibe. Kupempha chitsulo kwa apongozi sikukanatheka, ndipo Layisoni akanandipatsa mbedza kuti mudzi useke. Ndinalawira m'mawa kukwera kumtsinje wa kumtunda, ndinabwerako ndi thumba la nsangalabwi. Vuto linali poswera. Kuno mukuonaku ndi mchenga wokhawokha, mwala ukauimika pamchenga n'kuumenya umangolowa pansi kukabisala. Ndinazungulira mudzi wonse, ndipo kuseri kwa nyumba ya apongozi ndinapeza thanthwe. Lalikulu, losalala, losesedwa bwino, loyera ngati alipaka laimu. Ndinathokoza Mulungu pondikonzeratu malo.

Munthu wanzeru akanadzifunsa kuti kodi thanthwe limasesedwa ndi ndani, ndipo chifukwa chiyani. Koma kwathu ufa tinkayanika pamphasa, za kondowole sindinkazidziwa mayendedwe ake. Sindinkadziwa kuti chinangwa amachisenda, kuchiviika masiku angapo, kuchivuula, kuchinyenyanyenya tizidutswa toyera, n'kutiyanika pathanthwe kuti tiume tisanasinjidwe. Thanthwe limenelo linali limodzi lokha mbali yonse ino, a Naphiri ankalisamala kuposa mmene ankasamalira Layisoni. Masiku awiri amene ndinakhalapo ine, amayi onse anali kudambo kuviika chinangwa. Wondiona panalibe. Chikopa choyala ndinali nditachisiya kwathu. Nditatha ndinangosesa ndi chikhatho, zazikulu ndinataya, koma tating'ono tinatsalira m'maenje ndi m'ming'alu ya thanthwe, toyera mbee pamalo poyera kale. Ndinanyamula mivi yanga n'kusamukira kumunda, m'kachilindo.

Kumundako zinayenda bwino, sindinama. Muvi woyamba unabaya chinangwa chimene ndinabwera kudzachiteteza. Wachiwiri unapita kukaona mitambo. Anyani anasiya kudya, anakhala pansi kuti aonerere. Wachitatu, mkulu uja atatembenuka kuti auze anzake kanthu kena, unamupeza pathako. Ubwino wa nsangalabwi ndi umenewu: chitsulo ukachizula chimatuluka, koma mwala umathyokera momwemo. Anazula bango lokha, analiyang'ana, analipereka kwa mkazi wake kuti alisunge. Anayesa kukhala pachulu paja, anadzuka. Anayesa thako linalo, anadzukanso. Kenako analira kamodzi, gulu lonse linamutsatira, osacheuka. Mpaka lero anyani a mbali imeneyo amadya chiimirire. Mukadzakwera minibasi yopita ku Dwangwa mudzayang'ane pawindo, mudzandivomereza.

Ndinalonda masiku ena asanu, osaona nyani ndi mmodzi yemwe. Ndipo m'mawa wa tsiku limene ankhoswe ankayembekezeka, gwape anabwera yekha kudzadya masamba a chinangwa, ndinamugwetsa ndi muvi umodzi. Ndinamusenza paphewa kutsika naye kumudzi, ndikuyenda ngati mwini dziko. Ndinkaganiza kale mmene ndidzakhalire pamaso pa ankhoswe, mutu pansi ngati munthu wodzichepetsa, gwape patsogolo kuti aziyankhula ndi iyeyo.

Ndinafika dzuwa lili paliwombo, ndinadzera kuseri. Ndinaona zidendene zija. A Naphiri anali atawerama pathanthwe, tsache m'manja, akusesera chinangwa chouma m'lichero. Ankakolopola ndithu m'maenje monse kuti pasatsale kanthu. Ananyamula lichero, dzuwa linawomba m'menemo, ndipo m'kati mwa chinangwa munachita kung'anima, apa ndi apo, ngati nyenyezi.

Ndinabisala kuseri kwa mtengo wa mango, gwape ali paphewa. Ufa umenewo ndi umene ankhoswe akanadya madzulo ake. Ndinaona m'maganizo mwanga amalume a ku Chia akutafuna, akuima, akulavula dzino.

Woti ndimutume panalibe. A Nabanda anali atapita dzana lake ku Chia kukatenga amalumewo. Layisoni ndi amuna onse anali kugombe kusoka makoka, ana anawatsatira komweko. Pakhomo ponse tinalipo atatu: apongozi, ine, ndi nkhuku yathadzi imene anaimanga mwendo pafupi ndi mtondo, kudikira mpeni wa alendo.

A Naphiri anathira mbali ina mumtondo. Munsi woyamba unati khwe. Anaima pang'ono, anayetsemula, n'kupitiriza.

Ndikuuzeni zoona, maganizo othawa anandifikira. Gwape ndinali naye kale paphewa, kamba wa panjira, ndipo njira ya kumtunda inali pomwepo. Maganizo enanso anandiuza kuti ndingokhala chete, mwina anthu adzati ndi mchenga wa mwera. Ndinatsokomola katatu. Iwo anatsokomola kamodzi, kutanthauza kuti ndakumva, choka pamenepo. Munsi unapitiriza.

Ndiye ndinatula gwape, ndinagwada nditafulatira, n'kuyang'ana nkhuku ija cham'mbali.

"Nkhuku iwe," ndinatero, "ukanakhala munthu ndikanakutuma."

Munsi unaima.

"Ndikanati ukawauze eni pakhomo pano asasinje chinangwa chimenecho."

Kenako ndinamva mawu kumbuyo kwanga, koyamba chikwatirireni akulunjika mbali imene ndinali ine.

"Nkhuku, tamufunsa wakutumayo, chinangwa changa chamulakwira chiyani?"

"Uwauze kuti muli miyala."

"Umufunse, miyalayo inabwera ndi miyendo?"

"Uwauze inabwera ndi chitsiru china cha kumtunda."

"Chitsirucho chili ndi dzina?"

"Chili nalo, koma chikuchita manyazi. Uwauzenso kuti chabweretsa gwape."

"Gwape ndamuona. Akudonthezera magazi pabwalo langa losesa."

Nkhukuyo inkatembenuza mutu uku ndi uku, ndipo ndikulumbira kuti ntchito inkaigwira ndi mtima wonse. Ndinamva lichero likutokosedwa. Ndinamva mpweya ukukokedwa pakati pa mano, ndinadziwa kuti kamodzi kawalawa chala. Ndinatseka maso kudikira munsi pamsana.

"Nkhuku, timiyala timeneti ndi timene tasamutsa anyani kumunda kwanga?"

"Uwauze nditomweto."

"Anzanga akundidandaulira kumadzi kuti anyani anga asamukira kwawo. Akuti wamkulu uja sakukhala pansi."

"Uwauze sadzakhalanso."

Ndinamva kaphokoso kena, kaya kunali kuyetsemula kaya kuseka, mpaka lero sindidziwa.

"Umuuze wakutumayo kuti chinangwa chonsechi ndi cha masiku anayi m'madzi, awiri padzuwa. Sinditaya. Abwere atole zimene anafesa. Maso ake akhale m'lichero."

Za mumtondo tinakwirira. Zotsalazo tinazikhuthulira pamphasa, iwo mbali iyo, ine mbali ino, mutu wanga uli pansi ngati ng'ombe yokoka ngolo. Koma chinangwa chouma ndi nsangalabwi, ana inu, ndi mapasa. Ndi maso simungazisiyanitse. Ndinakumbuka za khutu. Ndinauza nkhuku kuti ipemphe mbale yachitsulo, mbale inabwera. Tinkatapa pang'onopang'ono n'kumagwetsera m'mbalemo. Chinangwa chinkati phu. Mwala unkati ngwe. Ukati ngwe, tonse awiri manja m'mbale kusakasaka. A Naphiri khutu lawo linali lakuthwa kuposa langa.

"Nkhuku, umuuze kamudutsa kena."

"Uwauze ndakaona, ndimafuna ndione ngati ali tcheru."

"Umuuze ndinali tcheru iye asanabadwe."

Anatipeza choncho, dzuwa litapendeka: a Nabanda ndi mtolo pamutu, amalume awo a Phiri a ku Chia ndi ndodo, ndi Layisoni amene anakumana nawo panjira. Mkamwini ndi apongozi pamphasa imodzi, akumvetsera mbale, nkhuku ili pakati. A Nabanda mtolo unatsetsereka wokha. A Phiri anavula chipewa, anachiyang'ana m'kati, n'kuchivalanso.

"Alamu," anatero Layisoni, "mwayamba kuombeza maula?"

A Nabanda anawayalira mkeka a Phiri pansi pa mango, iwo anamwa madzi, anafunsa za moyo. Ine ndinasunthira patali monga mwa mwambo. Munda ndinaupulumutsa, inde, koma ndinali nditaipitsa thanthwe, kuwononga chakudya cha alendo, ndiponso kuyankhula ndi apongozi masanasana. Ena anapirikitsidwa pa zochepa kuposa izi. Mwamuna wina cha kumpoto kuno anapita chifukwa chotsokomola mokweza.

"Alongo," anatero a Phiri, "mwandiyendetsa ulendo wautali. Munati pali munthu wofunika kumuonetsa njira. Tsono apite, kapena akhale?"

A Naphiri anatsegula kachitini ka fodya, anakoka, anayetsemula, anapukuta mphuno mosafulumira.

"Apite bwanji? Wandifesera miyala pathanthwe langa. Akapita atola ndani, inu? Sachoka pano mpaka atatola kotsiriza."

"Ndiye mlandu watha?"

"Sunathe. Wangoyamba."

A Phiri anati iwo za miyala sazidziwa, koma aona gwape, ndipo gwape sayenera kudikira mlandu. Tinadya gwapeyo. Nkhuku inamasulidwa, ndipo sinaphedwenso. A Naphiri anati yamva zambiri. Inafa ndi ukalamba, itachita imvi.

Ine ndinagwira ntchito pathanthwe paja masiku atatu. Ndinatokosa ming'alu yonse ndi minga, ndinatsuka ndi madzi mitsuko khumi, ndinapukuta ndi malaya anga, ndinayendapo ndi lilime m'malo okayikitsa. Ndinatuma a Nabanda kuti akanene kuti ndatha. Anabwerako atafumbata dzanja, n'kulitambasula pamaso panga. Kachibenthu koyera.

"Akuti kapezeka aka."

Ndinabwerera, ndinatsukanso. Patapita mwezi ndinatumanso mawu. Kanapezekanso kena.

Zinayenda choncho. Atabadwa mwana wathu woyamba, amayi ake a Tamanda, tinapereka mphatso yomasulirana, ndipo ndinaloledwa kuwayang'ana apongozi kumaso. Ndinkayembekezera nkhope ya mkango. Ndinapeza kamayi kakang'ono, ka mpata kumano, maso ake oseka ngakhale pakamwa patatsekedwa. Ndinawafunsa ngati thanthwe layera tsopano. Anamasula kansonga ka chitenje, n'kundiika kachibenthu m'manja.

Ntchito za nzimbe zitayamba kukoka anthu, anzanga ambiri anasamuka ndi mabanja awo. Nanenso ndinakapempha kuti nditenge mkazi ndi ana tikayese kumeneko. A Naphiri anamvetsera mpaka ndinamaliza, anavomereza kuti ndi nzeru yabwino, n'kumasula kansonga ka chitenje. Amalume a Gwaza atamwalira, abale anandiitana kuti ndikakhale pamalo pawo kumtunda. Ndinakalira maliro, ndinabwerako kudzatsazika, kachibenthu kanali katandidikira kale pamphasa. Uta ndinaupachika kalekale, malamulo a nyama atalimba, chiswe chinaudya mpaka nsinga. Bwato sindinakwerenso. Ndinakhala mlimi wa chinangwa, ndipo ufa wa pakhomo pano ndi ine ndinkaumvetsera m'mbale usanaphikidwe, anthu mpaka anazolowera.

A Naphiri anamwalira atakalamba kwambiri, mano onse ali m'kamwa, chimene ndimachiwerengera ngati ntchito yanga. Posonkhanitsa katundu wawo, a Nabanda anapeza pansi pa mtsamiro kachitini kena ka fodya, kopanda fodya. Anakagwedeza, kanalira. Anakatsegula, anayang'anamo, anandiyang'ana ine, n'kukalowetsa m'chitenje chawo. Ndinati tione. Anati ndi za akazi.

Kuyambira pamenepo ntchito anaitenga ndi iwo. Tikakangana, ine n'kunena kuti ndatopa, ndikupita kwathu, amalowa m'nyumba, kutuluka, kachibenthu pabondo langa. Ndakhala ndikutisunga m'botolo la mankhwala a chifuwa, ndipo mwa kuwerengera kwanga tapitirira kale miyala imene ndinaswa.

Mwezi wathawu miyendo itandivuta ndinawauza mosaseka kuti a Nabanda, ine ndakalamba, munthu amafera kwao, ndiperekezeni kumtunda ndikagone pafupi ndi amalume. Analowa m'nyumba, anakhalitsamo. Ndinamva akusuntha mitsuko, akutsegula sutikesi, akudandaula okha. Anatulukira khomo la kuseri, ndinamva kanthu kakuphwanyidwa kudzala. Kenako anabwera akupuma mofulumira, n'kundiika pabondo.

Kanali kobiriwira, ka botolo la zakumwa, kachilembo kamodzi kakuonekabe.

Ndinakanyamula, ndinakayang'anitsa padzuwa, ndinakagogoda ndi chikhadabo pafupi ndi khutu. Iwo anaima pomwepo, manja m'chiuno, akundiyang'ana.

"Aka ndi kanga ndithu," ndinatero. "Ndikukakumbuka. Kanandivuta poswa."

"Ndiye dzukani mukasese," anatero. "Mawa ndiyanika."